Momwe Banja Lokhala ku Joni Lingayendetsere Ndalama Zopita Kumudzi

Banja lochokera ku Bembeke kapena ku Tsangano likakhazikika ku Johannesburg, kawirikawiri silikangana pa lendi kapena pa ndiwo, koma pa ndalama zopita kumudzi, chifukwa mwamuna ali ndi kwawo, mkazinso ali ndi kwawo, ndipo mwezi ukamatha foni zimalira kuchokera mbali zonse ziwiri. Poyambira penipeni ndi kukhala pansi awiriwiri malipiro asanalowe, aliyense n'kutchula zomwe amalandira popanda kubisa, kenaka n'kulemba m'kope ndalama imene makolo a mbali iliyonse azilandira. Amayi akapempha zoonjezera, yankho likhale limodzi: “Amayi, tiyambe takambirana ndi apongozi anu.” Kutumiza mobisa pa Mukuru, mnzanu n'kudzamvera kwa alamu ake, kumapweteka kuposa ndalamayo.

Kutumizako kutsatire nyengo ya kwathu. Feteleza wa NPK ndi Urea amafunika mvula isanagwe, choncho ndalama yake iyambe kusungidwa anthu akangokolola, osati mu Novembala pamene aliyense akuthamangira kusitolo. Fizi ya ana nayo imadziwikiratu nthawi yake. Musanatumize, yerekezani ndalama yodulidwa komanso mtengo wosinthira, ndipo funsani ngati wolandirayo angalandirire pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti agogo asawononge ina pa kabaza popita pa boma.

Ndalama zosunga musathamangire kuzisintha zonse kukhala makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, moti amene adaunjika makwacha a malata adapeza kuti sakukwaniranso denga lomwe ankaliwerengera. Nzeru ndi kusunga marandi kubanki komwe muliko, n'kumatumiza pokhapokha mmisiri akakonzeka kugwira gawo lotsatira, kaya ndi maziko, kaya ndi zipupa. Woyang'anira ntchitoyo, ngakhale ali mchimwene wanu wa bere limodzi, azitumiza malisiti ndi zithunzi pa WhatsApp gawo lina lisanalipiridwe.

Nkhani yomwe ambiri amaizemba ndi ya malo omangapo nyumbayo. M'midzi yambiri ya ku Dedza ndi ku Ntcheu ukwati ndi wa chikamwini, ndipo malo amakhala a mbumba ya kuchikazi; kumene kuli chitengwa, mkazi ndiye amakhala pa malo a eni. Nyumba ya njerwa zootcha yomwe nonse mwaikhetsera thukuta ikamangidwa pa malo otere, mmodzi wa inu adzaoneka mlendo tsiku lomwe mnzake adzatsikire kulichete. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kugula puloti yapadera, monga pa Lizulu kapena pa boma, mapepala ake n'kukhala ndi maina a nonse awiri, ankhoswe a mbali zonse akudziwa. Lembaninso wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza wamasiye ndi ana ndipo limaletsa kulanda katundu, komabe pepala losainidwa pamaso pa mboni limafupikitsa milandu.

Patulaninso kangachepe ka pangozi, ndipo mulowe inshuwalansi ya maliro kapena gulu la Amalawi anzanu losonkherana, popeza kunyamula thupi kuchokera ku Joni kudutsa Zimbabwe ndi Mozambique mpaka kumudzi kumadya ndalama zambiri. Musanasaine, funsitsani ngati inshuwalansiyo imalipira ulendo wotuluka m'dziko la South Africa, ndiponso ngati dzina la mkazi kapena mwamuna wanu lalembedwamo monga momwe lilili pa pasipoti.