Momwe mungayezere ndi kusintha mamita, malita ndi makilogalamu osasokoneza

Munthu akakuuzani kuti "dulani 250" n'kusiyira pomwepo, ndiye kuti sanakuuzeni kanthu. Mamilimita 250 ndi kathabwa kofupikirapo kuposa lula ya mwana wasukulu. Masentimita 250 ndi thabwa lotalika kuposa chitseko. Mamita 250 ndi mtunda woyenda mphindi zitatu. Choncho musanagwire tepi kapena sikelo, zolowerani kulemba nambala iliyonse limodzi ndi muyeso wake, ngakhale pa kapepala koti mutaya madzulo omwewo.

Miyeso imeneyi inayambira ku France m'zaka za m'ma 1790, nthawi imene dera lililonse linali ndi phazi lake ndi mkono wake woyezera. Akatswiri a kumeneko anatenga mtunda wochoka ku North Pole kukafika pa ikweta, kudutsa mu Paris, n'kuugawa m'zigawo 10,000,000. Chigawo chimodzi anachitcha mita. Mu 1875 mayiko 17 anasainirana pangano loti aziyendera miyeso yofanana, ndipo mu 1960 dongosololi linapatsidwa dzina loti SI. Chimene ndimalikondera ine n'chakuti zonse zimayenda ndi 10, 100 ndi 1,000, moti munthu utha kusintha miyeso yambiri m'mutu momwe.

Yambani ndi kuloweza timawu titatu timene timakhala kumayambiriro kwa dzina la muyeso. Kilo amatanthauza 1,000. Senti ndi gawo limodzi mwa magawo 100. Mili ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Tanthauzo lake silisintha, kaya mukuyeza kutalika, kulemera kapena zamadzimadzi. Kilomita ndi mamita 1,000 monga momwe kilogalamu ilili magalamu 1,000. M'mita imodzi muli masentimita 100 kapena mamilimita 1,000, ndipo m'lita imodzi muli mamililita 1,000. Tani ndiyo ili ndi dzina lakelake, koma nayonso ndi makilogalamu 1,000.

Kenako dzifunseni kumene mukulowera. Mukamachoka ku muyeso waukulu kupita ku waung'ono, nambala iyenera kukula, ndiye mumachulukitsa. Mukamachoka ku waung'ono kupita ku waukulu, nambala ichepe, ndiye mumagawa. Ntchito yake ndi yongosuntha kadontho: malo atatu pa 1,000, malo awiri pa 100, malo amodzi pa 10. Makilomita 2.4 akhale mamita, kadontho kayenda katatu kumanja, mupeza 2,400. Magalamu 750 akhale makilogalamu, kayenda katatu kumanzere, mupeza 0.75. Mamilimita 85 ndi masentimita 8.5.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa ziro wapakati. Mita imodzi ndi masentimita 5 amalemba 1.05, koma dzanja limathamangira kulemba 1.5, yomwe ndi mita ndi theka. Mwawonjezera masentimita 45 osadziwa. Chimodzimodzi makilogalamu 2 ndi magalamu 50 ndi 2.05, osati 2.5. Mukakayikira, sinthani zonse zikhale mu muyeso waung'onowo poyamba: 100 kuphatikiza 5 ndi masentimita 105, kenako mugawe ndi 100. Dziwaninso kuti ku France, Germany ndi mayiko ena amalemba kamchira pamalo pa kadontho, moti katundu wochokera kumeneko akalembedwa 1,5 L ndiye kuti ndi lita ndi theka.

Tsopano kuyeza kwenikweniko. Pa lula yambirani pa kamzere ka ziro, chifukwa malula ambiri amasiya kamalo kopanda manambala kunsonga. Tepi yachitsulo ili ndi kangowe kumapeto kamene kamasewera pang'ono mukakagwedeza. Musakakhomerere poganiza kuti kaguluka. Anakapanga choncho dala: mukakola tepi m'mphepete mwa thabwa kamakokekera kunja, mukaigunditsa kukhoma kamalowa mkati, ndipo kusewerako n'kofanana ndi kukhuthala kwa kangoweko kuti muyeso utuluke wolondola mbali zonse. Tepi ikhale yowongoka, isagwe mimba pakati. Pa ntchito yodula galasi, chitsulo kapena matabwa, ndi bwino kulemba zonse m'mamilimita, 1,050 m'malo mwa 1.05, kuti pasakhale kadontho koti kafufutike.

Sikelo iikeni pamalo olimba ndi osapendekeka, ndipo onetsetsani kuti ikusonyeza ziro musanaikepo kanthu. Ngati chimene mukuyeza chili m'chidebe, yezani kaye chidebe chopanda kanthu. Masikelo amagetsi ali ndi batani lobwezera nambala pa ziro chidebe chili pomwepo. Ngati yanu ilibe, lembani kulemera kwa chidebecho kuti mudzachotsere pamapeto.

Zamadzimadzi zimafuna diso. Ikani jagi yoyezera patebulo, musainyamule m'manja, ndipo weramani mpaka diso lanu lifanane ndi mzere. Mukayang'anitsitsa muona kuti madzi akwera pang'ono m'mbali mwa galasi n'kutsika pakati ngati kabeseni. Werengani pansi pa kabeseniko. Mukayang'anira pamwamba, nambala imene muwerenge sikhala yoona.

Apa ndi pamene kutalika, malita ndi kulemera zimakumana. Bokosi la masentimita 10 m'litali, 10 m'lifupi ndi 10 kuya limalowa lita imodzi ndendende, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Muli ndi thanki ya makona anayi ndipo mukufuna kudziwa madzi amene amalowamo? Yezani mkati mwake m'masentimita, chulukitsani manambala atatuwo, mugawe ndi 1,000. Thanki ya 120 ndi 80 ndi 50 ikupatsani 480,000, amene ndi malita 480. Mwadziwiratunso kuti ikadzadza madziwo alemera makilogalamu 480, choncho choikapo chake chikhale cholimbadi. Thanki ya mita imodzi mbali zonse imalowa malita 1,000, tani yathunthu ya madzi. Koma kufanana kumeneku ndi kwa madzi okha. Lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, pomwe lita ya mchenga wouma imafika cha m'ma kilogalamu ndi theka.

Pa mankhwala ndiye chonde musathamange. Zilembo za mg ndi mL zimaoneka ngati zapachibale koma zikunena zinthu zosiyana. Mamiligalamu akunena kulemera kwa mankhwala enieniwo, mamililita akunena kuchuluka kwa madzi amene mankhwalawo asungunulidwamo. Botolo likalembedwa 120 mg/5 mL, ndiye kuti mamililita 5 aliwonse muli mamiligalamu 120. Dokotala akalemba 240 mg, muyeza mamililita 10. Gwiritsani ntchito kakapu kapena sirinji yobwera ndi botololo, chifukwa masupuni a m'nyumba ndi osiyanasiyana kukula ngakhale kuti supuni yaing'ono yoyezera imayenera kukhala mamililita 5. Ngati zolembedwazo sizikumveka, bwererani kwa amene anakupatsani mankhwalawo akuonetseni pa mzere weniweni.

Kukula kwa malo kuli ndi msampha wake. Poti mita ndi masentimita 100, ambiri amaganiza kuti sikweya mita imodzi ndi masikweya sentimita 100. Ayi, ndi 100 kuchulukitsa ndi 100, yomwe ndi 10,000. Njira yotetezeka ndi kusintha mbali zonse zikhale m'mamita musanachulukitse. Chipinda cha mamita 4 ndi 3.5 ndi masikweya mita 14. Tailosi ya masentimita 40 mbali zonse ndi 0.4 kuchulukitsa ndi 0.4, mupeza 0.16. Gawani 14 ndi 0.16, yankho ndi 87.5, ndiye matailosi 88, n'kuwonjezerapo ena angapo oti adzadulidwe m'makona kapena kulowa m'malo mwa osweka. Pa minda, hekitala ndi mamita 100 mbali zonse, kapena kuti masikweya mita 10,000. Ekala ndi pafupifupi masikweya mita 4,047, choncho hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka kuperewera pang'ono.

Miyeso yakale mudzakumana nayobe pa mapaipi, matayala ndi mabuku ochokera ku America. Kuyambira mu 1959 inchi ndi masentimita 2.54 ndendende. Phazi ndi masentimita 30.48, mailo imodzi ndi makilomita 1.609, paundi ndi pafupifupi magalamu 454. Galoni ilipo mitundu iwiri: ya ku Britain ndi malita 4.546, ya ku America ndi malita 3.785, ndiye fufuzani kaye kuti wolembayo akunena iti. Kusakaniza miyeso kwagwetsapo ngakhale akatswiri. Mu 1999 chombo cha NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo, chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika ku pulaneti ya Mars chifukwa gulu lina linawerengera mphamvu m'mapaundi pomwe lina linkayembekezera manambala a SI.

Kutentha ndiko sikuyendera kusuntha kadontho. Pochoka ku madigiri a Fahrenheit, amene amagwiritsidwa ntchito ku America, kupita ku madigiri a Celsius, chotsani 32, chulukitsani ndi 5, mugawe ndi 9. Madigiri 98.6 kuchotsa 32 ndi 66.6, kuchulukitsa ndi 5 ndi 333, kugawa ndi 9 ndi madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu wabwinobwino.

Mukapeza yankho lililonse, liyerekezeni ndi chinthu chimene mukuchidziwa musanadule kapena kuthira. Tengani tepi lero muyeze chikhatho chanu chotambasula, kuchoka ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono; kwa akuluakulu ambiri chimakhala cha m'ma masentimita 20. Yendani masitepe 10 monga mwa masiku onse, yezani mtundawo, mugawe ndi 10 kuti mudziwe sitepe yanu. Manambala awiriwa muwalembe penapake. Tsiku limene kakyuleta idzakuuzani kuti tebulo ndi lalitali masentimita 12, mudzaikapo chikhatho n'kuona kuti chakwana kasanu ndi kamodzi, ndipo mudzadziwa kuti mwataya ziro: tebulolo ndi masentimita 120.