Kusintha thewera la agogo osatha kusunga mkodzo

Funso lanu ndi la momwe mungatetezere khungu la agogo kunyumba yosamalira okalamba kuti lisapse ndi mkodzo.

Konzeranitu magolovesi, madzi ofunda, nsalu zofewa ziwiri, thewera latsopano ndi mafuta oteteza khungu a zinc oxide.

1. Tsekani chitseko, auzeni agogowo zomwe mukufuna kuchita.
2. Agonekeni chammbali, chotsani thewera lonyowalo.
3. Tsukani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, makamaka kwa amayi, kuti majeremusi a chimbudzi asalowe njira ya mkodzo.
4. Umitsani mogundagunda, osakwecha. Ambiri amalakwira apa: khungu la okalamba ndi lopyapyala, limasupuka msanga, ndipo chinyezi chotsala m'mphechepeche chimayambitsa zilonda.
5. Pakani mafuta pang'ono chabe. Ochuluka amamatira pathewera, mkodzo osalowanso.
6. Avekeni thewera latsopano. Mukaona malo ofiira osasintha mtundu mukawadina, itanani namwino.