Musanakadandaule za njinga yamoto imene ikadali pa walanti (lonjezo loti idzakonzedwa mwaulere ikawonongeka)

Mukagula njinga yamoto yatsopano, sungani lisiti pamodzi ndi kabuku ka sevisi, ndipo nthawi iliyonse imene mwakasinthitsa oilo, onetsetsani kuti ogulitsawo alembamo tsiku ndi makilomita, nadindamo chidindo chawo. Kampani yopanga njinga ikhoza kukana kukukonzerani mwaulere ikapeza kuti munadumphitsa sevisi, kapena kuti injini inatsegulidwa ndi makaniko wosavomerezeka, ngakhale akhale waluso chotani. Injini ikayamba kulira mwachilendo, jambulani phokosolo pafoni nthawi yomweyo, chifukwa vuto limakonda kubisala njinga ikangofika pamaso pa amakaniko. Dandaulo lanu likhale lolembedwa, lokhala ndi nambala ya chesisi (yodindidwa pa felemu ya njingayo), ndipo musunge kope. Za matayala, mabuleki ndi tcheni musadzivutitse, popeza zimatha ndi kuyenda ndipo kawirikawiri walanti siikhudza zimenezi.