Kujambula ndi Auto pa Kamera Yanu Yoyamba

Mukagula kamera yoyamba kuno ku Johannesburg, musafulumire kugwiragwira mabatani onse. Tembenuzani kagudumu ka pamwamba mpaka pa chizindikiro chobiriwira cha Auto, ndipo kamera idzasankha yokha kuchuluka kwa kuwala komanso liwiro lojambulira. Dinani batani lojambulira pang'ono kaye, mudikire kuti nkhope ya amene mukumujambula ioneke bwino, kenako mulidinize mpaka pansi. Ambiri amangodina kamodzi mwamphamvu, n'chifukwa chake zithunzi zawo zimatuluka zachimbuuzi.

Pojambula achibale ku paki ya Zoo Lake, sankhani chizindikiro cha mutu wa munthu, chifukwa chimazimiritsa zakumbuyo kuti munthuyo aonekere yekha. Ana akamasewera mpira, choyenera n'cha munthu wothamanga, pomwe cha phiri n'cha malo otakasuka monga mlatho wa Nelson Mandela ku Braamfontein.

Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda pansi pa maso, choncho jambulani m'mawa kapena chakumadzulo. Chimene chimanditopetsa pa Auto ndi flash, nyale yothwanima ya kamera, yoyaka yokha ngakhale m'tchalitchi; pamenepo tembenuzani kagudumu kaja mpaka pa chilembo cha P, muizimitse.