Amayi, Kuthawa Tsiku la Opaleshoni ya Chiberekero Kukuthetsani Magazi

Chiyambire mvula ya chaka chino ndakumana ndi amayi angapo a ku Mabvuku, ku Epworth ndi ku Mufakose, madera a mu Harare ndi pafupi pake, amene adokotala anawauza kalekale kuti chiberekero chawo chiyenera kuchotsedwa, nawapatsa ngakhale tsiku loti akagonekedwe, koma tsikulo litakwana iwo anangokhala pakhomo. Ukawafunsa, wina akuti akufuna akolole kaye, wina akuti ana ayambe atsegulira sukulu, wina akuti akudikira mchemwali wake wochokera ku Dedza kuti adzamudikirire kuchipatala. Ukakhala nawo pansi nthawi yaitali ndi pamene amaulula kuti chimene chawagwira miyendo ndi mantha, pakuti akuopa kuti akawagoneka ndi mankhwala sadzadzukanso, kapena kuti magazi adzawathera pa tebulo la opaleshoni. Mantha amenewa sindikuwapeputsa, chifukwa palibe munthu amene amapita kukang'ambidwa pamimba mtima uli m'malo. Chimene chandiwawa mpaka kulemba nkhaniyi n'chakuti pamene amayiwa akudikira, msambo wawo sukudikira, ndipo ngozi yeniyeni imene akuiopayo ikukula mwezi ndi mwezi chifukwa cha kudikira komweko.

Ambiri mwa amayi amene ndikunenawa ali ndi zotupa za m'chiberekero, zimene achipatala amazitchula kuti ma fibroid. Zotupazi si khansa, ndipo zimapezeka kwambiri mwa amayi achikuda, moti ena amakalamba nazo osadziwa n'komwe kuti ali nazo. Koma mayi amene adokotala afika pomuuza za kuchotsa chiberekero kawirikawiri amakhala uja amene akasamba amataya magazi ochuluka ndi zibuluma zomwe, kwa masiku ambiri, mpaka kuleka kupita kutchalitchi kapena kukwera kombi poopa kuthimbiriritsa chitenje pagulu. Magazi otayika choncho amapita ndi mchere wa ayironi umene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi ena, ndipo nsima ndi masamba za tsiku ndi tsiku sizingabwezeretse msanga zimene zikutayika mwezi uliwonse. Achipatala akayeza magazi amayang'ana nambala ya haemoglobin, imene imasonyeza ngati magazi ali okwanira m'thupi. Bungwe la World Health Organization limati mayi wosayembekezera akatsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi ake achepa, ndipo akatsika pansi pa 8 ndiye kuti achepa kwambiri. Amayi amene akuzengerezawa ndikawatambasula chikhatho ndimapeza chayera, ndikatsitsa chikope cham'munsi ndimapeza mkati mwatuwa, akayenda pang'ono ndi chidebe cha madzi amapuma wefuwefu mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndipo ena ayamba kulakalaka dothi la pachulu, chimene nthawi zambiri chimasonyeza kuti ayironi watha m'thupi.

Tsono taganizani bwino zimene zimachitika mayi wotereyu akalimba mtima pakapita miyezi inayi kapena isanu n'kubwerera kuchipatala. Opaleshoni iliyonse yochotsa chiberekero imataya magazi ndithu, ndipo munthu amene walowa ali ndi magazi okwanira thupi lake limapirira kutayako popanda vuto lalikulu. Amene walowa ali kale ndi magazi ochepa alibe potsalira. Mtima wake umakhala utatopa kale ndi ntchito yopopa magazi osakwanira, bala lake limachedwa kupola, ndipo matenda salephera kumulowa. Dokotala wogonetsa anthu akaona nambala yotsikayo sangavomere kuti ntchito ichitike, ndipo amachita bwino kukana. Amamubweza mayiyo kuti akayambe wakweza magazi, kapena amamugoneka kuti amuike magazi a munthu wina, ndipo malo ake pa mndandanda amapatsidwa kwa wina amene anakonzeka. Magazi oika anthuwo sachokera kumwamba. Amasonkhanitsidwa ndi bungwe la National Blood Service Zimbabwe, limene limadalira kwambiri achinyamata a m'sukulu, kotero kuti sukulu zikatsekera tchuthi cha Khirisimasi magazi amachepa m'nkhokwe, pa nthawi yomweyo imene ngozi za pamsewu zimachuluka. Nyengo imeneyi ndi yomweyo imene amayi athu asankha kuti akhale pakhomo magazi awo akutsika. Onjezanipo ndalama zoyezetsanso magazi, zojambulitsanso pamimba popeza chithunzi chakale chatha ntchito, ndi za kombi zopita ndi kubwera, ndipo muona kuti kuzengereza kumene kunkaoneka ngati kudzisunga kwadya ndi chikwama chomwe.

Mayi wina amene amalima kamunda ka chimanga m'mbali mwa dambo kuseri kwa nyumba za ku Mabvuku anandiyankha mosabisa pamene ndinamufunsa chifukwa chimene sanapitire. Anati, "Alangizi, chimanga changa chafika popalira, feteleza wobereketsa ndagula kale ali m'nyumba, ndipo bambo a kunyumba amapita kuntchito kusanache. Ndikakagona kuchipatala, munda uja adya ndi udzu. Mundilole ndikolole, ndidzapita ndekha." Anandionetsa ndi mizere yake yomwe, mmene anabzalira nyemba ndi maungu pakati pa chimanga, ndipo kunena zoona unali munda wosamalidwa bwino. Sipanapite nthawi yaitali anagwa ali ndi khasu m'manja, anzake olima nawo pafupi anamunyamulira pa wilibala mpaka kumsewu, ndipo kuchipatala anayamba amuika magazi asanaganize n'komwe za opaleshoni. Opaleshoniyo inachitika pambuyo pake ndipo anachira, koma kupalira kunamupita, feteleza anathiridwa mochedwa ndi ana, ndipo nthawi yokolola inamupeza bala lisanalimbe. Akanapita pa tsiku limene anapatsidwa poyamba, akanakhala atachira chimanga chisanakhwime.

Pamene chifukwa cha opaleshoni chili khansa ya khomo la chiberekero, nkhani ya kudikira imaopsa koposa apa. Khansa imeneyi ndiyo imagwira amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse muno mu Zimbabwe, ndipo ndi chifukwa chake m'makiliniki muli kuyeza khomo la chiberekero kuja kotchedwa VIAC. Kuchotsa chiberekero kumathandiza khansayo ikadali yaing'ono, isanafalikire kunja kwa khomolo. Ikafalikira, mpeni sungathenso kuitsata, ndipo chotsala chimakhala chithandizo chowotcha ndi makina, chimene m'zipatala za boma chimapezeka ku Parirenyatwa kuno ku Harare ndi ku Mpilo ku Bulawayo. Mayi amene wauzidwa kuti khansa yake ikadali pochotseka, iye n'kunena kuti adikire chimanga, akutaya mwayi umene sudzabweranso.

Chimene chimanditopetsa ndi chizolowezi chathu chomvera nkhani za pamaliro ndi za pachitsime kuposa munthu amene anakuyeza. Aliyense ali ndi nkhani ya uje amene analowa m'chipatala ndi mapazi ake n'kutuluka m'bokosi, koma palibe amene amafunsa kuti ujeyo anafika liti ndiponso ali ndi magazi ochuluka bwanji, ndipo amayi ambirimbiri amene anachotsedwa chiberekero nachira sawerengedwa chifukwa sakamba, pakuti kwathu nkhani za m'mimba mwa mkazi timazibisa. Kenaka pamabwera mizu yophika m'mphika, mankhwala oika kumaliseche, ndi madzi opemphereredwa, zonse ndi lonjezo lakuti chotupa chisungunuka. Pemphero sindilitsutsa, ndipo mayi amene akupita ku opaleshoni ayenera kupemphereredwa ndi mpingo wake kapena ku mzikiti kwake. Koma chotupa cha mnofu chimene chakula mpaka kukanikiza chikhodzodzo sichisungunuka ndi mizu, ndipo zoika kumaliseche zimangobweretsa zilonda ndi matenda pamalo pomwe adokotala akufuna kudzagwirapo ntchito. Choipitsitsa n'chakuti amayi amamwa zimenezi mpaka dzulo lake la opaleshoni osamuuza dokotala wogonetsa, pamene mankhwala ena azitsamba amalepheretsa magazi kuundana kapena amalimbana ndi mankhwala ogonetsa.

Palinso apongozi ndi alamu amene amaopseza kuti mkazi wochotsedwa chiberekero amasanduka mwamuna, amazizira, ndipo banja limatha. Zimenezi n'zabodza, ndipo zawononga amayi ambiri. Chimene chimatha ndi msambo ndi kubereka basi. Mphamvu za chikazi m'thupi zimachokera ku timatumba ta mazira, ndipo nthawi zambiri kwa mayi amene sanafike posiya kusamba adokotala amatisiya ngati tilibe vuto. Njira ya chikazi imakhalapo, ndipo bala likapola, kawirikawiri pakatha milungu isanu ndi umodzi, za m'banja zimayambiranso, kwa ambiri bwino kuposa kale popeza ululu ndi kutaya magazi zatha. Inu abambo, pitani nawo akazi anu kuchipatala mukamve zimenezi ndi makutu anu, m'malo mokhala chete pamene abale anu akuweruza za thupi limene si lawo. Wosayina chikalata chovomereza opaleshoni ndi mayi mwini wake, osati msonkhano wa banja.

Sindikunena kuti opaleshoniyi ilibe ngozi, ndipo dokotala woona sangakuuzeni choncho. Munthu angathe kutaya magazi ambiri, bala lingathe kuchita mafinya, chikhodzodzo, matumbo kapena timitsempha totsitsa mkodzo kuchokera ku impso tingathe kuvulala popeza tili pafupi ndi chiberekero, magazi angathe kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo mankhwala ogonetsa ali ndi zovuta zake. Koma iyi ndi imodzi mwa maopaleshoni amene madokotala a amayi amachita kawirikawiri, amayi ochuluka amatuluka bwino, ndipo pa ngozi zimene ndatchulazi zingapo zimachepa munthu akalowa ali ndi magazi okwanira, shuga ndi BP zili m'malo, chotupa chisanakule mopitirira. Ngati mukukayika kuti mwina pali njira ina, monga kuchotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero, makamaka ngati mukufunabe mwana, funsani dokotalayo kapena kaonaneni ndi wina sabata yomwe ino. Kufunsa n'kololedwa, chimene ndikukana ndi kukhala pakhomo osauza aliyense.

Kwa inu amene tsiku linakudutsani kale, bwererani ndi makhadi anu onse kumene munalembedwa, nenani poyera kuti munachita mantha, ndipo pemphani kuti akuyezeni magazi ndi kukuuzani nambala yake. Mapiritsi a ayironi amene adzakupatseni muzimwa monga akuuzirani ngakhale chimbudzi chide, pakuti kuda kumeneko si matenda, ndipo musamamwere tiyi chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, koma muzitsatiza ndi lalanje kapena madzi a malambe. Chiwindi, nyama, matemba, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, komabe kukweza magazi msambo ukutayikabe kuli ngati kuthira madzi m'chidebe chobooka, choncho funsaninso za mankhwala ochepetsa kutaya magazi, monga tranexamic acid, pamene mukudikira tsiku latsopano. Tengani m'thumba mankhwala onse amene mumamwa, a BP, a shuga, ma ARV, aspirin ndi mizu yomwe, mukawaonetse dokotala wogonetsa kuti iye anene oti mupitirize ndi oti muyambe mwaleka, ndipo musasiye ma ARV mwa nokha. Fodya, wosuta kapena wa m'mphuno, mulekeni tsopano. Funsani ngati adzadzera pamimba kapena kumunsi, ngati timatumba ta mazira adzatisiya, ndi masiku amene mudzagone, chifukwa mantha ambiri amachepa munthu akadziwa chimene chikubwera, ndipo ngati tulo sitikubwera kambani ndi mayi wa m'chigwirizano amene anadutsamo kale. Mukatuluka ku opaleshoni yambani kuyenda pang'onopang'ono anamwino akangokulolani kuti magazi asaundane m'miyendo, ndipo mukamva kutentha thupi, mukaona bala likutuluka mafinya, magazi ambiri akutuluka kumunsi, mwendo umodzi watupa kapena mpweya ukukuvutani, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Khasu, chidebe cha madzi ndi thumba la feteleza musazikhudze kwa milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, kotero pezanitu wa ganyu kapena gwirizanani ndi anzanu olima nawo pafupi za kupalira musanapite kukagonekedwa.