Momwe mungathandizire agogo kuyezetsa ndi kulandira chithandizo cha TB

Chifuwa chachikulu cha TB chimabisala kwambiri mwa okalamba. Agogo akayamba kuwonda, kufooka ndi kukana nsima, ambiri timangoti ndi ukalamba. Chonsecho ena satentha thupi n'komwe, ndipo chifuwa chawo chimakhala chapansipansi. Akatsokomola kwa masabata awiri, kapena akamadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, musadikire.

Choyamba, pitani nawo kuchipatala mutatenga buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Auzeni adokotala ngati ali ndi shuga, chifukwa shuga amachulukitsa pafupifupi katatu mpata wodwala TB. Nenaninso ngati amasuta fodya, kapena ngati anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela ndi Theba. Fumbi la m'migodi limawononga mapapo, ndipo TB imabwera ngakhale patapita zaka zambiri.

Kenako adzapereka makhololo. Apa ndi pamene okalamba amavutika, ambiri amangolavula malovu, zotsatira n'kutuluka zopanda kanthu. Akhale panja podutsa mphepo, atsuke m'kamwa ndi madzi, apume mozama kangapo, kenako atsokomole kuchokera pansi pa chifuwa. M'mawa akangodzuka ndiye amatuluka bwino. Makina a GeneXpert amaona kachilombo ka TB m'makhololo komanso ngati kakumva mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Makhololo akakanika, funsani za ekisire. Avomerenso kuyezetsa HIV, msinkhu si chifukwa chokanira.

Akawapeza ndi TB, mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwa miyezi 6. Miyezi 2 yoyamba ndi mitundu inayi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Miyezi 4 yotsatira imatsala iwiri yoyambirirayo. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera sikelo, choncho azikwera sikelo ulendo uliwonse.

Sankhani munthu mmodzi pabanja woti aziwapatsa mankhwala tsiku lililonse ndi kuona kuti ameza. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona chithandizo chonse, pakuti agogo amaiwala, ndipo ena akangopeza bwino amasiya.

Mkodzo ukafiira musachite mantha, ndi rifampicin ameneyo. Koma maso akachita chikasu, akamasanza kapena kumva kupweteka chakumanja kwa mimba, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwindi cha munthu wamkulu sichichedwa kupwetekeka. Mowa, makamaka kachasu, ausiyiretu. Akamadandaula dzanzi kumapazi, pemphani pyridoxine (vitamini B6). Akayamba kuona mwachimbuuzi, nenani msanga. Rifampicin amafooketsanso mankhwala ena a BP ndi a shuga, ndiye aziyezetsa pafupipafupi.

Makhololo adzayezedwanso pakutha pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Onse ogona nawo nyumba imodzi akayezetse, makamaka zidzukulu zosakwana zaka 5, zomwe zimapatsidwa mankhwala oteteza. Masana mazenera azikhala otsegula.