Kusankha mikombero ya njinga yakale ya fixed kuno ku Mzuzu

Njinga ya fixed sikupatsani mpata wopumitsa miyendo. Ilibe filiwilo, ndiye teyala lakumbuyo likamazungulira, mapedulo nawo amazungulira, kaya muli pamtsetse kaya mukukhota. Pa njinga wamba mukafika pokhota mumangokweza pedulo lamkati n'kudutsa bwinobwino. Pa fixed pedulo limatsika ndithu, ndipo likagunda phula teyala lakumbuyo limanyamuka, mwininjinga n'kupezeka ali pansi, zigongono zitasupuka. N'chifukwa chake funso loyamba posankha mkombero ndi lakuti: kodi utsitsa njingayi motani?

Yanga ndi felemu yachitsulo ya kaunjika, yamtundu wothamangira pamsewu, imene inapangidwira mateyala a 27 x 1 1/4. Ndimayenda nayo kuchokera ku Chibavi kupita ku Luwinga, ndipo Loweruka ndimakonda kukafika ku Ekwendeni pamsewu wa M1. Zimene ndilembe pano zikukhudza makamaka mafelemu otere, chifukwa ndi amene amasokoneza anthu ambiri.

Yambani ndi kupukuta matope m'mbali mwa teyala lakalelo, mufufuze manambala awiri olumikizidwa ndi kamzere, monga 32-630. Yoyambayo ndi kunenepa kwa teyala m'mamilimita. Yachiwiriyo ndi kutalika kwa mkombero kuchokera mbali ina kukafika mbali inayo modutsa pakati pa wilo, kuyeza pamene mlomo wa teyala umakhala. Nambala yachiwiriyi ndiyo imene muyenera kuiloweza pamtima, chifukwa mainchesi amene timatchula kumsika amanamiza. Teyala la 27 ndi 630. La 700C, limene lili pa njinga zambiri zothamangira za masiku ano, ndi 622. La 28 x 1 1/2, lija la njinga zakuda zimene anyamata a Sacramento ambiri amanyamulira anthu m'tauni muno, ndi 635. Koma palinso teyala lolembedwa 28 x 1.50 kapena 28 x 1 5/8, ndipo limenelo ndi 622, locheperapo kuposa la 27. Munthu angaganize kuti 28 x 1 1/2 ndi 28 x 1.50 n'chimodzimodzi, pomwe akusiyana ndi mamilimita 13, ndipo lina silingakhale pamkombero wa linzake ngakhale mutalikanikiza ndi zitsulo zitatu. A 26 nawonso ali pawiri: la njinga za mauntenibaiki ndi 559, pamene 26 x 1 3/8 la njinga za madengu zochokera ku Japan ndi 590. Mukapita kokagula, nenani nambala ya mamilimitayo, ndipo muione nokha ndi maso pateyalapo musanapereke ndalama.

Ngati mikombero ya 630 imene inabwera ndi njingayo ili yowongoka, yopanda ming'alu pamabowo a masipoko, palibe cholakwa kuisunga. Mungosintha habu yakumbuyo basi, chitsulo chapakati pa wilo chimene masipoko amakolekedwapo. Vuto lake ndi mateyala: a 27 amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo mukapeza mumatenga limene lilipolo, kusankha kulibe. Mikombero ina yakale ya 27 ilibenso kamlomo kogwira teyala mkati mwake, ndiye mukapopa kwambiri teyala limatha kufwamphuka. Komanso yambiri ndi yachitsulo chonyezimira, ndipo mabuleki sagwira bwino pachitsulo chonyowa. Kuno ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo m'mawa wa June umatha kucha ndi nkhungu yonyowetsa msewu, imeneyi ndi nkhani ya moyo. Mkombero wa aluminiyamu umaimitsa njinga msanga kukanyowa.

Ine ndinasankha 622, ndipo ndi umene ndimalangiza aliyense amene ali ndi felemu ya 27. Kusiyana kwa 630 ndi 622 ndi mamilimita 8, kutanthauza kuti kuchokera pakati pa habu kufika m'mphepete mwa mkombero mwachepa mamilimita 4 okha. Njinga itsika pang'ono chotero, ndipo mukhoza kubweza kutsikako poika teyala lonenepa. Mamilimita 4 amenewa amakupatsaninso mpata pansi pa foloko. Ine ndinaika mateyala a 35-622 ndipo madigadi analowanso, zimene zimandithandiza m'misewu yafumbi ya ku Chibavi ikasanduka matope.

Musanagule, onani mabuleki. Masulani kanati kogwira labala ya buleki, muone ngati labalayo ingatsike mamilimita 4 m'kamng'alu kake. Pa njinga yanga labala yakutsogolo inali chapakati pa kamng'aluko, ndipo nditaitsitsa inafika ndendende pakhoma la mkombero, kutsala kampata kochepa ngati kunenepa kwa ndodo ya machesi. Ikakhala kale kumapeto, mufunika buleki ya mikono yaitali. Yezani ndi tepi kuchokera pabowo lomangira buleki kufika pakati pa khoma la mkombero watsopanowo: mabuleki amakono afupiafupi amafika mamilimita 39 mpaka 49, apakati 47 mpaka 57, ndipo aatali amafika 73. Labala isakhudze teyala ngakhale pang'ono, chifukwa idzalicheka m'mbali mpaka chubu kuphulika. Ndipo chonde, buleki yakutsogolo musaichotse. Ndimaona achinyamata ena akunyadira kuti amaimitsa njinga ndi miyendo yokha. Tcheni ikaduka kapena kuguluka pamtsetse, monga wa pamsewu wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay, miyendoyo ilibenso chogwira.

Mayesero aakulu kwathu kuno ndi mkombero wa 559, chifukwa mateyala a mauntenibaiki ali ponseponse ndipo ndi otchipa. Pa felemu ya 27 ine ndimaukana. Kuchoka pa 630 kufika pa 559 habu imatsika mamilimita oposa 35. Teyala lonenepa likhoza kubweza gawo lina, koma felemu yothamangira ndi yopapatiza, teyala lotere silidutsa pakati pa mapaipi akumbuyo. Mukaika lowonda kuti lilowe, mapedulo atsikira pafupi ndi nthaka, ndipo pa raundabauti iliyonse mudzakhala mukuwerengera mwayi. Mabuleki nawonso sadzafika. Ena amapita kwa owotcherera kuti awatsitsire pomangira buleki, koma zimenezo sizikweza mapedulo. Mkombero wa 590, kapena wa 584 umene amautcha 650B, umatsitsa njinga pafupifupi mamilimita 20 mpaka 23. Pa njinga ya filiwilo anthu amachita zimenezi n'kuyenda bwino, koma pa fixed ndi pokhapokha felemuyo ili yokwera kale.

Nanga 635 wa njinga zakuda? Zipangizo zake zimapezeka kwa wokonza njinga aliyense wa pansi pa mtengo, ndipo ngati felemu yanu ndi ya mtundu umenewo, khalani pomwepo. Pa felemu ya 27 nthawi zambiri teyala lake limakhula pansi pa foloko. Mikombero yake yambiri inapangidwiranso mabuleki a ndodo amene amakoka kuchokera mkati mwa mkombero, ilibe khoma losalala loti labala ifinye m'mbali.

Mukamanga mawilo, yezani kuchokera pansi kufika pakati pa chitsulo chimene makalanki, mikono ija yogwira mapedulo, amazungulirapo. Ine ndimafuna pakhale mamilimita osachepera 270 ndi makalanki otalika mamilimita 170. Pakachepa, funani makalanki a 165 ndi mapedulo opapatiza. Kenako imikani njinga pabwalo, tsitsani pedulo limodzi mpaka pansi penipeni, ndipo ipendekeni pang'onopang'ono kumbali imeneyo mpaka pedulo ligunde. Onetsetsani pamene yafikapo, chifukwa pokhota simungapendeke kupyola pamenepo.

Habu yakumbuyo ndiyo imavuta kupeza, ndipo apa musafupikitse njira. Habu yeniyeni ya fixed ili ndi mazinga awiri: aakulu omangira kagiya, ndi aang'ono kunja kwake omangira kamphete kotsekera, kamene kamamangidwa chakumanzere. Mukapondera mapedulo chambuyo, kagiya kakafuna kumasuka kamamangitsa kampheteko. Habu ya filiwilo ili ndi mazinga amodzi okha, ndipo kagiya komangidwa pamenepo kamatha kumasuka pa nthawi imene mukufuna kuima. Yezaninso mpata wa pakati pa mapaipi akumbuyo pamene habu imalowa. Habu za fixed zambiri ndi za mamilimita 120, mafelemu akale ena ndi 120 pomwe ena ndi 126. Ngati ndi 126, ikani mawashala a mamilimita 3 mbali zonse ziwiri kuti tcheni iyende mowongoka kuchokera pagiya yakutsogolo. Polowera habu payenera kukhala kamng'alu kopingasa, koti wilo lizitha kusunthira kutsogolo ndi kumbuyo pokunga tcheni.

Kulemera kwa giya sikusintha kwenikweni mukachoka pa 630 kupita pa 622, ndiye werengerani zitunda zathuzi basi. Ndi teyala la 700C lonenepa pang'ono, giya ya mano 46 kutsogolo ndi 16 kumbuyo imayenda mamita oposa 6 mapedulo akazungulira kamodzi, ndipo imeneyo imalemera pokwera mutanyamula chikwama. Ya 42 ndi 18 imayenda pafupifupi mamita 5, yopepuka pachitunda koma potsika miyendo imazungulira mothamanga zedi. Yanga ndi 42 ndi 16, cha m'mamita 5.7. Ngati maondo anu amadandaula kale, yambirani pa 42 ndi 18. Mukadzafuna kusintha kagiya, dziwani kuti dzino limodzi limasuntha wilo mamilimita pafupifupi 3 m'kamng'alu kaja, choncho muonenso malabala a buleki yakumbuyo ngati akadali pakhoma la mkombero.